Chibowo pa Mpanda wa Descartes

M'buku lake lotchedwa Meditations, lomwe linatuluka m'chaka cha 1641, René Descartes wa ku France anagawa munthu pawiri: maganizo, omwe alibe msinkhu kapena kulemera, ndi thupi, lomwe iye analiyerekeza ndi wotchi. Mfundo zake anaziyala mwaluso, koma mpanda umene anamangawo uli ndi chibowo.

Anachiona msanga chibowocho ndi Elisabeth, mwana wamkazi wa mfumu ya ku Bohemia. M'kalata ya mu 1643 anafunsa kuti chinthu chosakhudzika chingasunthe bwanji thupi. Yankho la Descartes linali lozungulira, ndipo m'buku la mu 1649 anakakamira kuti ziwirizi zimakumanira pa kachiwalo kakang'ono ka mu ubongo. Komatu kachiwaloko n'kathupinso. Funso lija linangosamuka malo.

Taganizirani za Phineas Gage wa ku America, amene chitsulo chinam'boola mutu mu 1848. Anachira ndithu, koma dokotala wake analemba kuti khalidwe lake linasinthiratu. Nanga chitsulo chinalasa bwanji khalidwe, ngati khalidwelo silikhudzana ndi mnofu? Chichewa nachonso sichiudziwa mpandawu, pakuti mtima umene umagunda m'chifuwa ndi womwewo umapsa tikakwiya, n'kukhala pansi wodwala wathu akayamba kudya.