Munawerenga Nkhani Yonse Kapena Mutu Cabe?

Mwezi wa August ukangotha, ndakatulo na nkhani zokamba za Kulamba zimaculuka. Zambiri zimayambira pamalo amodzi: cithunzi ca pa foni na mutu wa nkhani wa nyuzipepala ya ku Lusaka, wochula wandale amene anafika ku Mkaika. Mlembi amatenga mutuwo, n'kuthirapo mkwiyo kapena citamando, basi watsiriza. Anzanga, kumeneko si kupenda nkhani. Ni kubwereza mawu a mwini.

Coyamba cimene cimasowa ni dzina la nyuzipepala na tsiku. Timangolemba kuti "nyuzi zanena". Zanena ziti? Times of Zambia na Zambia Daily Mail ni za boma, pomwe News Diggers si ya boma. Wowerenga ayenera kudziwa amene akukamba kuti ayese yekha kulemera kwa mawuwo.

Tsiku nalo si la cabe. Sinda na Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012. Kale Vubwi inali pansi pa Chadiza, ndipo Sinda inali mbali za Katete na Petauke. Mukatenga nkhani yakale yokamba za zipatala kapena masukulu a "boma la Chadiza" osachula caka, mungaimbe mlandu ofesi yolakwika. Nkhani yakale yotumizidwa pa WhatsApp ngati ya dzulo imautsa mitima pacabe.

Caciwiri ni cacikulu: sitiwonjezerapo cimene mtolankhani sanaone. Mu 2007 atsogoleri atatu, a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika na a Armando Guebuza, anakumana pa Kulamba, ndipo m'pomveka kuti nyuzi zinathamangira iwo. Koma mtima wa mwambowu ni mafumu a Acewa a ku Zambia, Malawi na Mozambique amene amabwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi na kufotokoza za madera awo. Mtolankhani amafika m'mawa, madzulo wabwerera. Inu mumadziwa amayi amene anagulitsa nthoci pa Great East Road sabata imeneyo, na anyamata amene anapalasa njinga usiku wonse. Ngati ndakatulo yanu ilibe anthu amenewa, yatipatsa ciyani cimene nyuzi sinatipatse?

Citsanzo tili naco pafupi. Harri Englund, m'buku lake la mu 2018, anaonetsa mmene a Gogo Breeze a pa wailesi ya Breeze FM ku Chipata anali kucitira na madandaulo a omvera. Sanali kungowerenga kalata n'kuweruza. Anali kufunsa mbali zonse, nthawi zina kupita komweko kukaona.

Conco musanayankhe nkhani, iwerengeni mpaka ndime yothera. Chulani amene anailemba na tsiku lake. Siyanitsani mawu awo na maganizo anu. Mukatero, tiuzeni cimene maso anu anaona ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi, cifukwa cimeneco ku Lusaka alibe.