Mlezi Amene Ankayenda ndi Kamera Pamimba

Kwa zaka pafupifupi 40, Vivian Maier ankalera ana a eni ake, makamaka ku Chicago. Mabanja omulemba ntchito ankamuona akutuluka kamera ili m'khosi, koma zithunzi zake sankakonda kuonetsa anthu.

Kamerayo inali Rolleiflex. Imeneyi saiika kumaso ayi. Imalendewera pamimba, wojambula n'kuwerama kusuzumira pa kagalasi ka pamwamba ngati akufufuza makobidi m'chikwama. Munthu wa pamsewu ankatulukira mochedwa kuti wajambulidwa, nkhope isanakonzedwe. Ndipo poti kamera inali m'munsi, wogulitsa nyuzipepala, mwana wolira atagwira siketi ya amake, ngakhalenso mayi wovala chikhoti chodula, onse ankaoneka ataliatali, a ulemu wofanana. Apa m'pamene ndimamugomera. Filimu imodzi inkalowa zithunzi 12 zokha, ndiye panalibe zodinadina ngati timachitira ndi foni masiku ano. Ankadikira. Nthawi zina ankadzijambula yekha pa galasi la sitolo, nkhope ili gwa, osamwetulira.

Mu 2007 katundu wake anagulitsidwa pa okushoni atalephera kulipira lendi ya malo osungirako. Mmodzi wa ogula, John Maloof, anafalitsa zithunzi za Maier pa intaneti. Maier anamwalira mu 2009, ndipo mu 2011 zithunzi zake zinaonetsedwa ku Chicago Cultural Center.

Anasiya zithunzi zoposa 100,000, kuphatikizapo mafilimu ambirimbiri osatsuka. Zina zimene anthu akuzitama lero mwini wake sanazione n'komwe, ndipo ozisankha ndi anthu amene sanakumane naye.