Kodi wothyola tiyi ali ndi ngongole kwa ofufuza?

Mu 2013, Ruth Faden, Nancy Kass, Tom Beauchamp ndi anzawo adalemba m'magazini ya Hastings Center Report kuti mpanda wolekanitsa kafukufuku ndi chithandizo cha tsiku ndi tsiku udatha ntchito. Iwo akuti chipatala chabwino chimaphunzira kwa wodwala aliyense amene chamuona. Adandandalika maudindo asanu ndi awiri, ndipo womaliza adausenzetsa wodwala: naye athandize kuti chipatala chiphunzire, ndipo pa kafukufuku wina wosaika moyo pachiswe, si nthawi zonse pamene ayenera kusayina chilolezo.

Boma la Thyolo likuwachitira umboni. Bungwe la MSF lidayamba ntchito m'bomali mu 1997, ndipo mu 2003 odwala adayamba kulandira ma ARV. Zambiri zimene zidaphunziridwa kumeneku, monga zoti anamwino angathe kuyambitsa mankhwalawa m'zipatala zazing'ono ndipo odwala n'kumapeza bwino, zidachokera m'makaundula ndi m'makadi a odwala. Akadati aliyense asayine kaye, ntchitoyo ikadachedwa, ndipo maliro sakadadikira.

Koma mfundo yomalizayi ikutsimphina ikafika kwa Nchilamwela. Olembawo ankaganizira wodwala wa ku America. Pa esiteti ya tiyi, kiliniki imene wantchito amapitako kawirikawiri imakhala ya bwana amene adamulemba ntchito. Othyola tiyi ambiri amalembedwa kwa miyezi yochepa, nyengo ya mvula, ndipo chaka chamawa ayenera kukapemphanso malo. Munthu wotereyu akauzidwa kuti mbiri ya matenda ake ithandiza anthu ena, angakane bwanji? Kuvomera kwake n'kwa munthu woopa kutaya mchere wa ana.

Ofufuza amayankha kuti mayina amafufutidwa. Pa chipatala chachikulu ngati Queen Elizabeth zimenezo n'zokwanira mwina. Pa kiliniki ya pa esiteti, zaka za munthu, gawo la munda limene amagwirako ndi tsiku limene adajomba n'zokwanira kuti kapitawo adziwe kuti amene akumwa mankhwala a TB ndi uje. Zoona, udindo wachinayi wa olembawo ukuletsa kubweretsera wodwala mavuto ena osakhudza matenda ake. Chimene sadafotokoze mogwira mtima n'chakuti woyeza vutolo akhale ndani. Komiti yovomereza kafukufuku ili ku Blantyre ndipo imaona mapepala. Mlangizi wa zaumoyo ndi amene amadziwa kuti kalaliki wa pakiliniki ndi mlamu wake wa kapitawo.

Palinso nkhani ya kukhulupirirana, imene m'dera lino si yamasewera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidasokoneza ntchito zaumoyo ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Kumene anthu amafunsa kale kuti magazi awo amapita kuti, kutenga mbiri zawo mwakachetechete n'kuthira mafuta pamoto. Kuwafotokozera pabwalo la mfumu, ngakhale popanda kusayinitsa, n'kotsika mtengo.

Ngongole imene olembawo akunena ikadamveka zotsatira zikadamabwerera kwa eni ake. Nthawi zambiri zimatuluka m'Chingerezi, m'magazini akunja. Wodzipereka amene adayenda wapansi m'mizere ya tiyi kulondola osiya mankhwala, n'kulemba mayina awo m'kaundula, kawirikawiri samva n'komwe kuti manambala ake adasonyeza chiyani.