Mau Akuti "Memori": Dzina Limodzi, Zinthu Ziwiri

Mau obwereka sali oipa. Chichewa chinalandira "sukulu", "buku" ndi "tebulo", ndipo palibe wodandaula. Koma mau otere ayenera kuyesedwa monga khasu logula pamsika: kodi lilima? Mau akuti "memori", amene amveka tsopano pakamwa pa ana ndi akulu omwe kwa Malemia, alephera pa mayeso amenewa, pakuti asenza zinthu ziwiri zosiyana.

Choyamba ndicho disiki ya m'kompyuta, kapena kakhadi ka m'foni, mosungira makalata, zithunzi ndi nyimbo. Magetsi akazima, zonsezo zikhalamobe. Chachiwiri ndicho RAM, malo ochepa koma achangu, pamene makina aika zokhazo zimene ali kuzigwira nthawi yomweyo. Magetsi akazima, zapamenepo zifafanizika. Tsono kompyuta yakale ya pasukulu ikayamba kukwawa, wina angoti, "Memori yadzaza." Mphunzitsi, pomva mauwo, afafaniza zolemba za ana kuti apeze malo, koma makinawo akwawabe. Ntchito ya ana yatayika chabe, ndipo cholakwa chinayambira pa dzina.

Nanga mau a Chichewa amene angalowe m'malo mwake ndi ati? "Chikumbumtima" sayenera konse, pakuti ndicho chimene chitsutsa munthu mumtima akachimwa. "Ubongo" akuza makina mopitirira, ndipo sanena kuti muli zipinda zingati. "Chosungira" ayenera disiki yokha, popeza RAM sisunga kanthu kufikira mawa.

Mau olima bwino ali pabwalo pa nyumba iliyonse m'chigwa cha Domasi: nkhokwe ndi lichero. Nkhokwe ndi yaikulu, koma palibe apeta ali m'kati mwake. Lichero ndi laling'ono, koma ntchito ichitika pamenepo. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina, yotchedwa operating system, monga Windows kapena Linux, ndiyo mayi wa pakhomo wogawa malo pa lichero. Likadzaza, iye achotsa zimene sizinagwidwe posachedwa, naziika pambali m'nkhokwe, kuti zatsopano zipeze malo. Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu: makina otchedwa Atlas, amene anayamba ntchito ku Manchester mu 1962, anali nayo kale.

Fanizoli lionetsanso gwero la nthendayo. Disiki ichedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM. Lichero likachepetsa, mayi aika ichi m'nkhokwe, chifunikanso pompo. Achitenga, nabweza china, chimenenso chifunika. Dzuwa lilowa iye ali kungoyenda, osapeta. Kanyali ka disiki kangothwanima kosaleka, ndipo zilembo zichedwa kuoneka. Peter Denning analongosola vuto limeneli mu 1968, ndipo dzina lake pa Chingerezi ndi thrashing. Mwana womva fanizoli azindikira yekha kuti kukhuthula nkhokwe sikukuza lichero.

Ziwerengero zivomereza. Windows XP, ya mu 2001, inkatha kuyenda pa RAM ya 64 MB, ngakhale eni ake analangiza 128 MB. Windows 7, ya mu 2009, inafuna 1 GB, ndiko kuti 64 MB kuchulukitsa ndi 16. Kampani ya Microsoft inaleka kusamalira XP mu 2014. Kotero sukulu yolandira makina akale, ikaikamo Windows yatsopano, iona mayi yekha atadzaza lichero ndi katundu wake, ntchito ya ana isanafike.

Komabe fanizo lililonse lili ndi malire, ndipo mphunzitsi woona awanene poyera. Chimanga chikatapidwa, nkhokwe ichepa. Koma kalata ikatsegulidwa, yeniyeniyo itsala pa disiki, ndipo pa lichero pabwera chifanizo chake chokha. Chifukwa chake mwana wolemba ayenera kusunga ntchito yake kawirikawiri, pakuti zimene waonjeza zili pa lichero pokha kufikira atazibweza m'nkhokwe. Wobisa malire awa aphunzitsa bodza lina m'malo mwa loyamba.

Dzina likalongosoka, mankhwala aoneka okha. Mapulogalamu atsegulidwe mmodzimmodzi, pakuti akale anati, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Masamba a pa intaneti, amene adya malo ambiri, atsekedwe akatha ntchito. Kumene kungatheke, RAM ionjezedwe, kapena aikemo Linux yopepuka, monga Puppy Linux.

Sukulu ya Jeanes, imene inatsegulidwa ku Domasi mu 1929, inaphunzitsa aphunzitsi kuyambira pa zinthu zimene mudzi uli nazo. Lamulo limenelo silinakalambe. Ana ambiri a kwa Malemia ayankhula Chiyao kunyumba, Chichewa pabwalo la sukulu, ndi Chingerezi m'mabuku. Mau osaoneka ndi maso awasokoneza katatu. Koma lichero alidziwa onse. Mphunzitsi asunge "RAM" ndi "disiki" monga maina a pa mayeso, atanthauze ndi lichero ndi nkhokwe, ndipo asalole mau akuti "memori" kuima okha m'kalasi mwake osafunsidwa kuti, "Iti?"