Mboni Yopalamula Mlandu Womwewo: Za Kanema wa Blonde

Kanema wa Blonde, amene Andrew Dominik anatulutsa mu 1922 kuwonjeza zaka 100, ndiye kuti mu 2022, potsata buku la Joyce Carol Oates, akudzionetsa ngati mboni yoneneza Hollywood pa mlandu wa Marilyn Monroe. Mlanduwo ndi woona. Norma Jeane anampatsa dzina lina, ndipo mabwana a makampani anaona mwa iye thupi logulitsira matikiti basi. Anamwalira mu 1962 ali ndi zaka 36.

Komatu ife, titapenya kwa maola pafupifupi atatu, tapeza kuti mboniyo nayonso yapalamula. Ana de Armas waseŵera mwaluso, sitikana; koma kamera imamvula, imamliza, imamgwetsa pansi, kenaka imamvulanso. Ndi wachisoni wanji amene amavundukula maliro kuti odutsa aone bwino?

Chotiŵaŵa kopambana ndi chimene achisiya. Mu 1954 mkaziyu anakana kuseŵera mu The Girl in Pink Tights, kampani ya 20th Century Fox nimuimitsa ntchito. Mu 1955, ali ku New York, iye ndi Milton Greene analengeza kampani yawoyawo, Marilyn Monroe Productions. Pakutha kwa chaka chomwecho Fox inagonja: inamuwonjezera malipiro ndi kumpatsa ufulu wovomereza kapena kukana wotsogolera kanema. Mtsikana amene anakhalapo m'nyumba ya ana amasiye anagwaditsa akuluakulu a Hollywood! Nkhondo imeneyi Dominik sakuionetsa. Kwa iye Marilyn ndi mwana wolirira atate ake, kuyambira pachiyambi mpaka pa kama pamene anafera.