Aneni a Kukonza ndi Kuchotsa pa Luso Lolemba Nkhani

Chichewa chili ndi aneni ambiri onena za kukonza malo ndi kuchotsapo zinthu, ndipo luso la mlembi wa nthano kapena nkhani yopeka limaonekera msanga pa kasankhidwe kake ka aneniwa. Matanthauzo awo ndi oyandikana, koma salowerana m'malo. Mneni aliyense amabwera ndi chida chake, malo ake, mwinanso nyengo yake ya chaka.

Pakhomo, bwalo amasesa ndi tsache, simenti amakolopa, pomwe pansi padothi amazira. Mbale amatsuka, koma poto wamwaye amachita kukwecha ndi mchenga kapena phulusa. Zovala amachapa n'kutsukuluza, ndipo munthu akangodzuka amasukusula. Mlembi akalemba kuti mayi ankazira m'nyumba mwake, wauza kale wowerenga kuti nyumbayo ilibe simenti, kuti mayiyo wagwada, manja ali dothi lokhalokha, ndiponso kuti ndi munthu wosamala pakhomo. Akalemba kuti ankakonza m'nyumba, zonsezo zatayika, ndipo adzafunika ziganizo zina zitatu kuti azibweze.

Kumunda aneniwa amasonyeza ngakhale mwezi. Kusosa kumachitika dzuwa likuswa mtengo, mvula isanagwe, pamene mlimi akusonkhanitsa mapesi ndi zinyalala za chaka chatha. Kupalira kumadza mbewu zitamera, khasu likulimbana ndi udzu. Kupatulira n'kuzula mbewu zabwinobwino kuti zotsalazo zikule momasuka, ndipo mlembi waluso angagwiritse ntchito mneniyu pa banja limene likutumiza ana ena kwa achibale chifukwa cha njala, osatchula n'komwe za chisoni. Kulambula kumamveka pa njira, pa msewu ndi kumanda, ndipo kawirikawiri ndi ntchito ya mudzi wonse, yoitanidwa ndi amfumu. Motero chiganizo chonena kuti njira ya kuchitsime inali isanalambulidwe chaka chimenecho chikunenanso kuti m'mudzimo anthu sakumvana.

Galamala ya chilankhulochi imathandizanso mlembi. Kachidutswa ka -ul- kamatembenuza ntchito imene inachitika kale: kuvala n'kuvula, kumata n'kumatula, kuyala n'kuyalula. Mneni wotere amakumbutsa za m'mbuyo. Mphasa yoyalulidwa inayalidwa ndi wina, ndipo panakhala munthu amene tsopano wanyamuka. Mneni woti kuchotsa alibe kukumbuka kotere.

Vuto lalikulu m'zolemba zambiri za masiku ano, makamaka zomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi komanso nkhani za pa wailesi, ndi lakuti aneni atatu okha, kuchotsa, kukonza ndi kuyeretsa, akumeza ena onse. Udzu ukuchotsedwa, makoko a mbatata akuchotsedwa, mankhusu akuchotsedwa, chonsecho udzu amazula, mbatata amasenda, ndipo mankhusu amapeta m'lichero. Chiganizo chotere sichilakwa pa galamala, koma manja a munthu wogwira ntchitoyo saoneka. Aneni enawo sanasowe ayi. David Clement Scott anasonkhanitsa mawu a Chimang'anja m'dikishonale yake ya mu 1892 ali ku Blantyre, ndipo Centre for Language Studies ya ku Zomba inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Koposa mabukuwa, amayi pamtondo ndi pachitsime amawatchula tsiku ndi tsiku osasokoneza ngakhale limodzi. Chimene chimasowa ndi khutu la mlembi.

Palinso ngozi ina, imene mlembi wosasamala amagweramo. Ena mwa mawuwa anatengedwa ndi mwambo kapena ulemu, ndipo sabwereranso opanda kanthu. Kusasa fumbi ndi kuchotsa fumbi ndi mayina a mchitidwe wogonana umene umakakamizidwa pa atsikana otuluka ku chinamwali m'madera ena, mchitidwe umene mafumu ndi azaumoyo akhala akulimbana nawo. Wolemba za wantchito amene akusamalira tebulo la mu ofesi ayenera kunena kuti akupukuta, apo ayi wowerenga amva zina. Kutaya madzi nako ndi mawu aulemu onena za kukodza, choncho mtsikana wotsuka mbale m'nkhani ndi bwino akhuthule madziwo kudzala.

Izi sizitanthauza kuti mlembi aziunjika aneni osowa kuti aoneke wodziwa. Ndime yodzaza ndi mawu akumudzi pamene nkhani ikuchitikira m'kampani ya ku Kanengo imamveka yokakamiza. Kuchotsa kuli ndi malo ake, ndipo pena kuuma kwakeko n'kumene kumafunika. Bwana wochotsa munthu ntchito samusesa kapena kumuzula, amangomuchotsa, ndipo mneni wosasiyanitsa munthu ndi chinyalala ndiye woyenera pamenepo. Muyeso wake ndi wakuti mlembi wasankha mneniyo ataona ena onse. Amene amalemba kuchotsa chifukwa ndiye mneni woyamba kumufikira m'mutu sanayambe kulemba Chichewa chaluso.