Buku la Mayi Kambuku ndi Mbiri Imene Analisenzetsa

Mwa mabuku onse a kaleredwe ka ana amene atuluka m'zaka zino, ndi owerengeka okha amene anautsa mapokoso monga linachitira buku la Mayi Amy Chua lotchedwa Battle Hymn of the Tiger Mother, limene linasindikizidwa ku America m'chaka cha 2011. Dzinalo tingalimasulire kuti nyimbo ya nkhondo ya mayi kambuku, ngakhale tiyenera kunena msanga kuti chilombo chimene mlembi akutchula si kambuku wathu wa mawangamawanga, koma mbale wake wamkulu wa mizeremizere wa m'nkhalango za ku Asia, amene sapezeka kuno ndipo chifukwa chake makolo athu sanamutche dzina. Mlembiyo anabadwa m'chaka cha 1962, chimene pa kawerengedwe ka Chitchaina ndi chaka cha chilombocho.

Nkhani ya bukuli ndi ya nyumba imodzi. Mayi Chua ndi mphunzitsi wa malamulo pa yunivesite ya Yale. Makolo awo ndi a mtundu wa Chitchaina amene anafika ku America kuchokera ku Philippines, ndipo amuna awo ndi Myuda wa ku America, mphunzitsinso pa sukulu yomweyo. Ana awo awiri aakazi sankaloledwa kukagona kwa anzawo, kapena kuonera kanema, kapena kubwera kunyumba ndi malikisi ochepera pa apamwamba. Ndipo tsiku lililonse, ngakhale pa ulendo wa tchuthi, ankakhala maola ambiri wina pa piyano wina pa vayolini. Tsiku lina anawo analembera mayi awo makadi owafunira mafuno abwino pa tsiku lawo lobadwa, koma mayiwo anawabwezera makadiwo, nati anawalemba mothamanga. Mwana wamkulu anapirira mpaka anakaimba piyano ku Carnegie Hall mumzinda wa New York. Wamng'onoyo ndiye anakana goli: ali ndi zaka 13, banja lili pa ulendo ku Moscow, anaphwanya tambula pansi m'nyumba yodyera pamaso pa anthu, ndipo mayi anagonja namulola kuchepetsa vayolini kuti azisewera tenesi.

Monga nkhani ya moyo wa munthu, bukuli ndi lokoma, ndipo sitichita manyazi kunena kuti tinaseka m'malo ambiri. Mlembi sadzikometsera. Amadzionetsa ali wokalipa, wouma mutu, nthawi zina wopusa ndithu, ndipo mathero a nkhani ndi kugonja kwake. Tsoka lake n'lakuti bukuli lisanafike m'masitolo, nyuzipepala ya Wall Street Journal inasindikiza chigawo chake mu January 2011 pansi pa mutu wonena kuti amayi a Chitchaina amaposa ena, ndipo anthu osawerengeka anawerenga chigawocho osafika ku Moscow konse. Ena anakwiya, ena anachita mantha kuti ana awo atsalira. Koma onse pamodzi anagwirizana pa chinthu chimodzi, kuti umu ndi mmene anthu a ku Asia amalerera ana.

Komatu mlandu wonse sitingauike pa akonzi a nyuzipepala. Kuyambira tsamba loyamba mlembi amatcha njira yake ya Chitchaina, naiyerekeza ndi ya Azungu, ngati kuti mtundu wa anthu oposa 1 biliyoni uli ndi bwalo limodzi ndi mwambo umodzi. Inde, amadziteteza ponena kuti mawuwo akuwagwiritsa ntchito momasuka, ndi kuti amadziwa makolo a ku Korea, India, Jamaica, Ireland ndi Ghana amene angatchedwe chimodzimodzi. Koma ophunzira chilankhulo adzaona msanga kuti apa pali kuzemba. Ngati mayi wa ku Ghana angakhale mayi wa Chitchaina, ndiye kuti dzinalo silikutanthauza mtundu, ndipo sipanafunike kulitchula. Ngati likutanthauza mtundu, ndiye kuti mayi wa ku Ghanayo walowa bwanji? Mlembi afuna kudya uku ndi uku, ndipo owerenga ambiri anangotola dzina la mtundulo.

Anatola msanga chotero chifukwa mbiri imeneyi inalipo kale, ndipo ndi mbiri yoyenera kuiyang'anitsitsa. Anthu a ku China amene anakumba mapiri pomanga njanji yodutsa America m'zaka za m'ma 1860 ankadziwika kuti ndi olimbikira ntchito; koma masiku amenewo kulimbikirako kunali mlandu, pakuti ankati akulanda ntchito za Azungu polandira malipiro ochepa, ndipo m'chaka cha 1882 boma linaika lamulo loletsa antchito a ku China kulowa m'dzikomo, limene linakhalapo kufikira 1943. M'chaka cha 1942 anthu a mtundu wa ku Japan okwana ngati 120,000, ambiri mwa iwo mbadwa za America, anatsekeredwa m'misasa chifukwa cha nkhondo. Tsono mu January 1966 katswiri wina, William Petersen, analemba mu New York Times Magazine kuyamikira anthu a ku Japan omwewo kuti adzikweza okha ndi khama ndi ulemu wa pabanja. Ndipo chisanathe chakacho magazini ya U.S. News & World Report inayamikira a ku China mofananamo. Kodi n'chiyani chinasintha? Khama linali lomwe lija. Koma izi zinali zaka zimene anthu akuda a ku America ankaguba m'misewu kufuna ufulu wawo, ndipo chiyamikirocho chinali ndi mbali ina yakuthwa: ankayamika uyu kuti akwapule uyo, monga achitira mphunzitsi woipa amene amaimika mwana mmodzi kutsogolo kuti anzake achite manyazi.

Pali chinthu china chimene bukuli silisamala konse, ndicho khomo limene anthu analowera. Lamulo la 1965 linatsegula America kwa anthu a ku Asia, ndipo mwa amene linawapatsa mwayi munali anthu a maphunziro ndi luso. Akatswiri awiri, Jennifer Lee ndi Min Zhou, m'buku lawo la 2015 lotchedwa The Asian American Achievement Paradox, anaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu ochokera ku China okhala ku America anali ndi digiri, pamene ku China kwenikweniko anali ngati 4 okha pa 100 alionse. Amene asankha chimanga chachikulu chokhachokha m'nkhokwe n'kuchiika pa chionetsero sangatiuze kuti munda wonse unabereka chotero. Bambo a Mayi Chua, a Leon Chua, ndi katswiri wotchuka wa zamagetsi amene anaphunzitsa pa yunivesite ya California ku Berkeley. Adzukulu a munthu wotere, ana a aphunzitsi awiri a ku Yale, okhala ndi ndalama zolipirira aphunzitsi a nyimbo apamwamba, akanakhoza sukulu ngakhale mayi awo akanakhala nkhosa. Nanga Ahmong, ndi anthu a ku Cambodia ndi Laos, amene anafika ngati othawa nkhondo kuyambira 1975, ambiri ali alimi osapita kusukulu? Iwonso ndi a ku Asia, iwonso amagwira ntchito usana ndi usiku, koma ana awo anavutika kwambiri ndi maphunziro, ndipo mbiri yokomayo inachititsa kuti kuvutika kwawo kusaoneke.

Ngakhale za kaleredwe kenikeniko, umboni sugwirizana ndi mlembi. Su Yeong Kim ndi anzake anatsatira mabanja 444 a Chitchaina ku California kwa zaka 8, ndipo m'chaka cha 2013 analengeza kuti makolo ambiri sanali a kambuku ayi, koma olimbikitsa ana mwachikondi. Ndiponso kuti ana a makolo aukaliwo ankapeza malikisi otsikirapo ndi kuvutika mumtima koposa anzawo. Mayi Chua sanabwerere m'mbuyo. M'chaka cha 2014 iwo ndi amuna awo, a Jed Rubenfeld, analemba The Triple Package, m'mene anatchula magulu 8 opambana ku America, kuphatikizapo anthu a ku Nigeria, ngati kuti chinsinsi chili m'makhalidwe awo; chonsecho a ku Nigeria nawonso analowera pa khomo lomwe lija la ophunzira.

Ife aphunzitsi tisaseke Amereka, pakuti kalankhulidwe kameneka timakadziwa. Timamva anthu akunena kuti ana a chigawo chakuti anabadwa ndi mutu wa sukulu, osakumbukira kuti Dr. Robert Laws anatsegula sukulu yaikulu ku Livingstonia m'chaka cha 1894, pamene madera ena analibe yofanana nayo. Mwana amene asenzetsedwa mbiri yotere akakhoza amati ndi mtundu wake, akalephera amati ndi ulesi, ndipo pa zonse ziwiri palibe amene wamuona iye mwini.

Tsamba limene tinalikonda koposa m'bukuli silinena za piyano ya ku Carnegie Hall. Mlembi ali ndi mng'ono wake amene anabadwa ndi vuto lija lotchedwa Down syndrome, ndipo achibale ena analangiza kuti mwanayo atumizidwe kutali akasungidwe. Mayi awo, amene ndiye mayi weniweni wa Chitchaina m'buku lonseli, anakana. Anakhala naye pansi maola ambirimbiri moleza mtima, kumuphunzitsa kujambula, kuwerenga ndi kuchulukitsa manambala, ndipo mwanayo atakula anapata mamendulo awiri a golide pa mpikisano wa kusambira wa Special Olympics. Mlembi amadutsapo m'mizere yochepa chabe, nabwerera ku vayolini.